Kumene amatsuka galimoto ndi mswachi pa Kasungu boma

Malo otsukira galimoto pa Kasungu ndi ambiri, makamaka m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo ambiri amagwira ntchito mofanana: ndowa ziwiri za madzi, thovu lochuluka, nsanza imodzi, posakhalitsa galimoto yawala. Ukaima patali umakhutira. Koma tatsegulani chitseko muone m'mphepete mwa labala, kapena kachitseko ka pothirira mafuta, mupeza katondo ali phee ngati sipanadutse madzi. Malo amene ndikunena lerowa ali chakuseri kwa msika, pansi pa mitengo ya keshya. Alibe chikwangwani. Mwini wake ndi mnyamata wofatsa amene amagwira ntchito ndi anzake awiri, ndipo chimene amadziwika nacho ndi kutsuka m'makona.

Yanga ndi Probox yoyera. Ndimagula soya ndi mtedza ku Chamama ndi m'midzi ya ku Santhe, choncho kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala galimotoyi imadya fumbi tsiku ndi tsiku, kenaka mvula ikayamba fumbi lomwelo limasanduka matope ogwira zolimba. Pa galimoto yoyera katondo sabisika. Amalemba mzere wofiira kuzungulira zilembo za kumbuyo, m'zogwirira zitseko, m'munsi mwa magalasi ndi pamene bampa imakumana ndi thupi la galimoto.

Zida za mnyamatayu zonse zimakwana m'chitini chakale cha penti. Muli miswachi yotha ntchito, kaburashi kopakira penti, timitengo ta thonje totokosera m'makutu, tinsanza ta malaya akale a kotoni, khadi lakale la pulasitiki, ndi botolo la madzi akumwa limene analiboola chivindikiro ndi msomali. Palibe chogula ku Lilongwe apa. Botololo ndiye limayamba ntchito. Amalifinya kuti madzi athamange m'mpata uliwonse asanaikemo burashi, ndipo nditamufunsa chifukwa chake anangoti, "Madala, mchenga ukadali momo. Ndikayamba ndi mswachi ndiye kuti ndikupala penti yanu." Akunena zoona. Tizipsera tambiri timene timaoneka kuzungulira zogwirira zitseko timabwera ndi otsuka opupuluma, osati minga ya kumudzi.

Sopo amagwiritsa ntchito wamadzi wotsukira mbale, madontho ochepa chabe m'kabeseni, ndipo ndi wa m'makona mokha. Sopo waufa wochapira zovala salola kuti ayandikire galimoto. Ameneyo ndi waukali, amachotsa polishi, komanso akaumira m'mipata amasiya zoyera zovuta kuchotsa kuposa fumbi limene umafuna kuthana nalo. Zilembo za kumbuyo amazitsuka ndi mswachi wofewa, mkati mwa chilembo chilichonse n'kulowetsamo kathonje. Pakati pa galasi ndi labala amakulunga kansanza pa khadi lija n'kuliyendetsa pang'onopang'ono kuchoka uku kukafika uko. Dothi limene linatuluka pamenepo linandichititsa manyazi pang'ono, poti galimotoyo inali itatsukidwa kwina sabata yomweyo.

Chimene chinandigwira mtima kwenikweni ndi pansi pa zitseko. Anthu ambiri sadziwa kuti chitseko chilichonse cha galimoto chili ndi timabowo kunsi kwake. Madzi a mvula amalowa m'kati mwa chitseko kudzera m'mbali mwa galasi, ndipo amayenera kutulukira pa timabowo timeneto. Matope akatitseka, madzi amagona m'menemo, dzimbiri n'kuyamba kudya chitsulo kuchokera m'kati. Mwini galimoto amadzazindikira penti itayamba kutupa kunja, nthawi itatha kale. Magalimoto athu ambiriwa ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, amalowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe ali ndi zaka zawo, ena atayendapo m'misewu yothiridwa mchere nyengo ya chisanu. Sakusowa chowonjezera dzimbiri. Mnyamatayu amagwada, n'kutenga kamtengo kothyola ku tsache la udzu, kutokosa bowo lililonse mpaka madzi a m'botolo atadutsa bwinobwino. Chimodzimodzi kabowo ka m'kati mwa kachitseko ka mafuta, ndi mpata wa kunsi kwa mawaipa kumene kumaunjikana masamba. Pa yanga anatulutsamo makoko a soya odzaza manja awiri. Amapisanso dzanja m'kati mwa khonde la pamwamba pa matayala, kumene matope amakhala onyowa masiku ambiri mvula itadutsa.

Madzi amatunga pa chitsime chapafupi, ndipo akauma amasiya timadontho toyera pa magalasi ndi pa zitsulo zonyezimira. Amatichotsa ndi viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, n'kutsukuluza nthawi yomweyo kuti asakhalitse pa penti. Malabala a m'zitseko amawapaka glisilini, yemweyu amayi amadzola nyengo yozizira. Ndinasangalala kuona kuti satsata chizolowezi cha anyamata ena chowalitsa matayala ndi mabampa akuda ndi mafuta a mabuleki kapena oilo wakutha. Mafuta a mabuleki akadontha pa penti amaiwononga, ndipo oilo amangoitana fumbi lina.

Sikuti zonse ndi zokoma. Nthawi ndiye imapita zedi. Konzekerani maola awiri kapena kuposa, ndipo pokhala ndi kabenchi kamodzi kathabwa. Loweruka musayerekeze, pamakhala mzere wa ma Sienta a matakisi ndipo aliyense amafuna yake iyambe. Magetsi palibe, ndiye m'kati mwa galimoto amangosesa ndi kupukuta, fumbi la m'mipando limatsala. Kunsi kwa galimoto safikako chifukwa alibe makina opopera madzi mwamphamvu. Ngati mwachokera ku Lifupa kapena kumidzi ya ku Chulu nthawi ya dzinja, yambani mwapita kwa a makina akagwetse matope akuluakuluwo, kenaka mubwere kuno. Mthunzi wa keshya nawo uli ndi mbali ziwiri: sopo saumira pa galimoto msanga, koma timasamba timagweranso pamalo amene angotsuka kumene, moti pochoka muyang'anenso kunsi kwa mawaipa.

Pali chimodzi chimene sitinagwirizane. Marimu amawakwecha ndi kasiponji kobiriwira kotsukira mapoto. Pa marimu achitsulo a Probox yanga palibe vuto lalikulu, koma amene muli ndi marimu onyezimira aja mumuuze asanayambe kuti agwiritse ntchito mswachi basi, apo ayi atuwa. Ndinamuuza, anamva, koma anzake awiriwo dzanja linazolowera.

Mtengo wake ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri wa kutsuka wamba, ndipo ine ndikuona kuti ndi woyenera, poyerekeza ndi zimene amalipiritsa owotcherera ndi opopera penti chitseko chikaboola. Sikofunika sabata iliyonse ayi. Kamodzi mvula isanayambe, kenanso ikangotha chakumapeto kwa Epulo, n'kokwanira kwa ife oyenda m'misewu ya fumbi. Pitani m'mawa pakati pa sabata, ndipo munene pofika pomwe kuti mukufuna ya m'makona, chifukwa mukangoti "tsukani" anzake aja amayamba ya ndowa ziwiri ija. Ngati muli ndi miswachi yakale kunyumba mutengereni, amaisowa.