Ndemanga: seti yoikira ekiselo yathunthu kutsogolo kwa Toyota ya IFS

Nyenyezi zinayi mwa zisanu, titaiyendetsa nyengo ziwiri m'miyala ndi matayala a mainchesi 35. Setiyi ndi ya Toyota pickup ndi 4Runner za 1986 mpaka 1995, zija zinatuluka ndi IFS kutsogolo, kumene tayala lililonse limadziyendera palokha. Pamsewu wa tala IFS ilibe mlandu. Koma pamiyala yonga ya Rubicon ku California kapena Moab ku Utah, tayala limodzi likakwera mwala linzake limangolendewera m'malere, ndipo difu yake ya mainchesi 7.5 pamodzi ndi ma CV, majoini a mashafti opita ku matayala, sizichedwa kugonja. Ekiselo yathunthu, imene ogulitsa amati solid axle, ikakwera mbali imodzi imakankhira inayo pansi, matayala onse n'kumagwira.

M'bokosi mumabwera chopachikira masipuling'i chakutsogolo, mashako (tizitsulo togwedezeka togwira mapeto a sipuling'i) ndi mapaipi ake olowa m'chasisi, masipuling'i, ma U-bolt, mashoko ndi zogwirira zake zazitali, mapaipi a mabuleki aatali, ndi zonse za chiwongolero chodutsa pamwamba pa masipuling'i, chija amati high steer. Zitsulo zake n'zokhuthala, zodulidwa bwino, mabowo akukumana popanda kukulitsa ndi dirilo. Chimene mulibe ndi ekiseloyo, ndipo mutu umazungulira pamenepo.

Musanagule ekiselo, gwadani pansi pa galimoto muone mbali imene puropela yakutsogolo imatulukira pa transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Pa Toyota ndi kumanja, choncho difu ya ekiselo yanu ikhalenso kumanja. Samalani ndi mawu a ogulitsa a ku America: akati passenger drop akutanthauza kumanja, chifukwa kwawoko dalaivala amakhala kumanzere. Dana 60 ya Ford Super Duty ili ndi difu kumanzere, ndiye siigwirizana popanda kusintha transfer case. Ya Chevrolet K30 ili kumanja. Dana 44 ya Jeep Wagoneer ili pawiri: za 1974 mpaka 1979 kumanja, kuyambira 1980 kumanzere.

Setiyi inapangidwira ekiselo ya Toyota yomwe, ya 1979 mpaka 1985, ya difu ya mainchesi 8. Za 1984 ndi 1985 n'zimene zimasakidwa kwambiri chifukwa zili ndi chitsulo cholimbitsa chachitali kunsi kwa paipi. Kwathu kuno mwayi ulipo, poti Hilux ya ekiselo yathunthu, monga LN106, inapitiriza kugulitsidwa m'mayiko ambiri mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kungoti galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, ndiye poitanitsa nenani poyera kuti mukufuna mikono ya chiwongolero ya mbali imeneyo.

Kodi bwanji osangogula Dana 60 basi? Anthu ambiri amaithamangira chifukwa cha giya yake ya mainchesi 9.75 ndi mashafti a mano 35. N'zoona kuti siithyoka wamba. Koma imalemera kupitirira makilogalamu 200, mimba yake imalendewera pansi n'kumakoka miyala, ndiponso marimu ake ndi a mabauti asanu ndi atatu, kutanthauza kuti musinthanso ekiselo yakumbuyo ndi marimu onse. Pa matayala a 35 mpaka 37 ndi injini ya 22RE, ya Toyota yolimbitsidwa ikukwana, ndipo marimu anu a mabauti asanu ndi limodzi akhala omwewo. Ngati maso anu ali pa matayala a 40, musataye ndalama pa setiyi, yambirani pa Dana 60.

Ekiselo yakale ya Toyotayi ndi yopapatiza ndi mainchesi pafupifupi atatu poyerekeza ndi yakumbuyo ya galimoto za IFS. Mankhwala ake ndi ma spacer, zitsulo zoika pakati pa habu ndi rimu, a inchi imodzi ndi theka mbali iliyonse, kapena kusamutsira mahabu a IFS pa ekiseloyo.

Ntchito yodula ndi yaphokoso koma si yovuta. Chasisi ikhale pa zotchinjiriza zolimba, yoyezedwa ndi levulo mbali zonse. Chotsani ma torsion bar (ndodo zogwira ntchito ya masipuling'i pa IFS), mikono ndi difu, mudule zogwirira zonse za IFS, musalaze chasisi ndi galainda osaidya mnofu. Kenaka ikani chopachikira chakutsogolo pakatikati, ndipo muyese mopingasa kuchokera pa malo ofanana kumbuyo kwa chasisi, kumanzere ndi kumanja. Zikasiyana ngakhale ndi theka la sentimita, galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu moyo wake wonse. Ekiselo isunthireni kutsogolo inchi imodzi kapena ziwiri kuti tayala lisamamenye kumbuyo kwa madigadi.

Pano ndiye pofunika kudekha. Chilichonse mungochigwiriza ndi timadontho ta wedulo, musawotcherere kotheratu. Mangani masipuling'i ndi ekiselo, tsitsani galimoto iime ndi kulemera kwake konse, muone mashako. Ayenera kupendekera kumbuyo pang'ono. Akaima chilili galimoto imagunda ngati ngolo, ndipo tayala likatsika kwambiri shako imatha kutembenukira kutsogolo n'kukakamira. Kumbukirani kuti masipuling'i atsopano amakhazikika, amatsika pafupifupi inchi pakatha miyezi ingapo. Yesaninso caster, kupendekera kumbuyo kwa mzere umene tayala limakhoterapo, ikhale madigiri 5 kapena 6. Ikachepa chiwongolero sichibwerera pakati ndipo galimoto imayendayenda pamsewu. Ngati ikufunika kukonza, ikani mashimu achitsulo. A aluminiyamu amaphwanyika, ma U-bolt n'kumasuka. Mukatero nyamulani tayala limodzi mpaka pamapeto, kenaka linzake, mukupotoza chiwongolero uku ndi uku. Onani ngati drag link (ndodo yochokera ku bokosi la chiwongolero) ikukhudza sipuling'i kapena tie rod (ndodo yolumikiza matayala awiri akutsogolo) ikugunda sampu. Zogwirira mashoko ziikidwe pambuyo pa muyeso umenewu, kuti ma bump stop, timalabala toimitsa ekiselo, azigunda shoko isanathe ulendo wake. Zonse zikakhala bwino, ndiye wotchererani.

Nyenyezi yachisanu yachoka chifukwa pepala la malangizo silinena za zinthu zitatu zimene simungazithawe. Sampu ya IFS imatha kugundana ndi ekiselo, ndiye pa 22RE pamafunika sampu ya 1985 ndi chokokera oyilo chake. Puropela yakale imasololoka tayala likatsika, pamafunika ya slip (chigawo chotalika ndi kufupika) yaitali. Ndipo chasisi pamene pamangidwa bokosi la chiwongolero pamang'ambika ngati simunaikepo mapuleti mbali zonse ziwiri ndi timapaipi m'mabowo a mabauti. Mashoko a m'bokosi ndi apakatikati. Pamiyala ali bwino, pamsewu wa mabampu amatentha msanga.

Magiya a difu akhale ofanana kutsogolo ndi kumbuyo: 4.88 pa matayala a 33, 5.29 pa 35 kapena 37. Mukaika ma transfer case awiri, ina ya 2.28 ina ya 4.7, ndi giya yoyamba ya 3.95 ya giyabokosi ya W56, pa difu ya 5.29 mumafika cha m'ma 224:1, kutanthauza kuti injini imazungulira ka 224 kuti tayala lizungulire kamodzi. Galimoto imakwawa yokha phazi lili pambali. Koma mphamvu yonseyo imathera mu Birfield, joini ya m'kati mwa knuckle, chitsulo chakumapeto kwa ekiselo chimene chimakhota ndi tayala. Ya kufakitale imasweka kawirikawiri pamene loka ya difu yatsekedwa, chiwongolero chapotozedwa mpaka kumapeto, galimoto ikubwerera m'mbuyo. Mumamva kuti phwa, kenaka chiwongolero n'kulimba. Ikani za chitsulo cholimba cha chromoly za mano 30 musanapite kumiyala, ndi girisi wa moly wodzaza bwino.

Chimene chimafuna diso nthawi zonse ndi ma stud anayi ogwira mkono wa chiwongolero pamwamba pa knuckle. High steer imawapatsa katundu woposa amene anapangidwira. Amayamba ndi kumasuka pang'ono, kenaka amadukira limodzi, tayala n'kugonera m'kati. Mangani pa 96 Nm, ma cone washer ali m'malo, ndipo muziwayesa ulendo uliwonse musananyamuke. Amene akuika matayala a 37 kapena chiwongolero cha haidiroliki asinthiretu n'kuika ma knuckle a ma stud asanu ndi limodzi. Ma trunnion bearing, mabering'i amene knuckle imakhoterapo, nawonso amangidwe ndi sikelo yokoka: buku la Toyota limati makilogalamu 3 mpaka 6, ndipo pa matayala akulu khalani chakumtunda. Akakhala olobodoka, kutsogolo kumayamba kunjenjemera koopsa mukagunda bampu pa liwiro.

Mukaona madzi akuda onunkha oyilo wa difu akutsika kuseri kwa knuckle, silo yam'kati yatha ndipo oyilo akusungunula girisi. Ngati silo yatsopano yathanso msanga, vuto si silo ayi: mwina paipi ya ekiselo yapindika, kapena mashimu a knuckle sanaike shafti pakati. Yesani zimenezo kaye, ndipo soketi ya mamilimita 54 yomasulira manati a habu izikhala m'galimoto nthawi zonse.