Kumaliza PPL kaye kapena kulipiriratu maphunziro onse a ndege

Chibwerereni kuno ku Dedza, achinyamata ndi makolo awo akhala akundifunsa funso limodzimodzi, ndipo bambo wina anachita kundiimitsa ndikugula kachewere m'mbali mwa msewu wa M1. Iwo amafuna kudziwa ngati mwana wawo ayambe wamaliza laisensi yoyamba yoyendetsera ndege ya PPL (Private Pilot Licence) asanaganize zina, kapena alipiriretu pamodzi PPL, maphunziro ouluka usiku ndi instrument rating (chilolezo chouluka poyang'ana mawotchi a m'ndege okhaokha, osadalira kuona kunja) monga momwe masukulu ambiri amakopera anthu. Ine ndinatenga njira yachiwiriyi pa sukulu ina ya ku South Africa, ndipo bala lake silinapolebe.

Ndivomereze kuti kulipiriratu kuli ndi ubwino umodzi waukulu kwa ife Amalawi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zimene ndinali nditapereka kale mu marandi sizinakhudzidwe. Komatu mtengo umene anandiuza unawerengedwa pa maola 45, omwe ndi ochepetsetsa amene malamulo a kumeneko amalola, pamene ine mphunzitsi anandiona kuti ndapsa nditafika maola 58. Ola lililonse lowonjezera ndinalipira padera. Ndalama ya woyesa mayeso ndi yobwerekera ndege pa tsiku la mayeso sizinali m'mgwirizano. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti ndalama zanga za instrument rating zinali phee m'buku la sukuluyo, koma nditapempha kuti asunthireko zina ku maola a PPL anandikanira kwamtuwagalu, moti kwathu anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti atumize ndalama ya kwacha yogwa kale ija.

Vuto lina linali m'maso mwangamu. Pofuna kuti ndalama zisangokhala, ndinayamba kuphunzira kuuluka poyang'ana mawotchi okhaokha ndisanayesedwe PPL, ndipo ndinakhala maola ambiri pa simulator, makina oyeserera kuyendetsa ndege uli pansi. Mayeso a PPL ndi a munthu woyang'ana kunja: mphuno ya ndege uiyerekeze ndi pamene thambo lakumana ndi nthaka, uone ngati kulibe ndege ina usanakhote, udziwe kumene mphepo ikuchokera poona utsi kapena fumbi. Ine maso anali atazolowera kukakamira pa wotchi yoonetsa kutalika. Tsiku la mayeso, tili m'mwamba mu ndege yaing'ono ya Cessna 172, woyesa anabweza mphamvu ya injini mwadzidzidzi n'kunena kuti injini yafa. Pamenepo munthu amayenera kugwira liwiro loyenera, kusankha munda woti ateremo, kenaka n'kumafufuza chavuta. Ine ndinataya masekondi ambiri ndikuwerenga mawotchi, munda ndinausankha mochedwa, ndipo ndinaufika ndili pamwamba kwambiri moti ndikanaudumpha n'kukagwera m'mitengo ya kutsogolo kwake. Titatera, woyesayo anandiuza modekha kuti manja anga ndi abwino koma mutu wanga sunatuluke m'ndegemo. Ndinabwereza gawo limenelo patatha milungu itatu, ndipo ndege, mphunzitsi ndi woyesa ndinawalipiranso.

Njira yomaliza PPL kaye imasunga maganizo pa chinthu chimodzi. Milungu yomaliza munthu auluke katatu pa sabata ngati thumba lilola, akubwereza kukhota kwambiri, kutera mphepo ikuwomba cham'mbali, ndi kufa kwa injini kuja mpaka manja azichita okha. Ulendo wautali wa yekha, wa makilomita osachepera 270 wotera pa mabwalo awiri ena, usasiyidwe kumapeto. Mayeso muwaike m'nyengo yozizira ndiponso m'mawa, chifukwa kumadera a Johannesburg mabingu a masana amabwera miyezi yomweyo imene kuno mvula imagwa, ndipo tsiku lililonse lolephereka ndi lendi ndi chakudya.

Njirayi nayo ili ndi msampha wake, womwe ndi kupuma kopitirira. Kuno kwathu ndege yobwereka siipezeka pafupi, ndipo amene wakhala masiku 90 osanyamuka ndi kutera katatu saloledwa kunyamula munthu. Luso limachita dzimbiri msanga kuposa momwe achinyamata amaganizira.

Pa za kuchipatala njira zonse n'zofanana: PPL imafuna chiphaso cha dokotala cha Class 2, koma wofuna kudzalembedwa ntchito ayezetseretu Class 1, chomwe n'chokhwima kwambiri, asanawononge ndalama.

Chimene sindinauzidwe polipira n'chakuti, mwa muyezo wa ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, instrument rating imafuna maola 50 a maulendo ataliatali munthu akuyendetsa yekha monga mkulu wa ndege, ndipo laisensi ya CPL, yoyendetsera ndege monga ntchito yolipidwa, imafuna maola 200. Choncho ndalama zimene ndinathamangira kupereka zinalibe ntchito kwa miyezi yambiri. Bambo wa pa kachewere uja ndinawauza kuti mwana wawo azilipira ola ndi ola mpaka PPL ili m'manja, ayambe za usiku pasanathe miyezi iwiri manja akadali otentha, ndipo instrument rating aiyambe maola a maulendo aja atatsala pang'ono kukwana. Ndinawauzanso kuti asasaine pepala lililonse limene silikunena poyera kuti ndalama yotsala ikhoza kusunthidwa kapena kubwezedwa.