Wandiwonongera mapepala 63, koma pulinta ikugwira tsopano

Ndikupereka nyenyezi zitatu kwa mnyamata yemwe anandikonzera pulinta. Lachiwiri masana ndikanapereka imodzi yokha.

Mnyamata wokonza makompyuta uja wa ku Kamuzu Road kuno ku Salima anati afika 8 koloko, koma anatulukira dzuwa lili paliwombo, K20,000 yake atalandira kale pafoni. Apo n'kuti mayeso a masukulu awiri akudikira kupulinta. Chibwerereni magetsi Lolemba usiku, makompyuta onse atatu sankaionanso pulinta, chonsecho inali yoyaka bwinobwino.

Iye anati router, kabokosi kolumikiza makompyuta ndi pulinta, ikazima n'kuyakanso imatha kupatsa pulinta adiresi ina, makompyuta n'kumagogodabe pakhomo lakale. Anatsegula Nmap, pulogalamu yofufuza zipangizo zolumikizidwa pa netiweki, pa laputopu yake kuti agogode pa chipangizo chilichonse. Akuti pulinta imadziwika ndi makomo a manambala (ma port) omwe imayankhira, lililonse ndi njira yake yolandirira zopulinta: port 631 ya IPP, 515 ya LPD yakale ija, ndi 9100 yomwe inatchuka ndi JetDirect ya kampani ya HP.

Apa ndi pomwe anandipsetsa mtima. Pulinta inangoyamba kulavula mapepala popanda woituma. Tsamba lina lili ndi kamzere kamodzi ka "GET / HTTP/1.0", lina zilembo zopanda mutu, lina kachizindikiro kamodzi pakona, kwinako mbee. Ndinakuwa kuti, "Achimwene, zimitsani!" koma iye maso ali pa laputopu. Aphunzitsi omwe ankadikira mayeso anaimirira n'kumandiyang'ana ngati ntchito sindiidziwa. Ndinachita kuzula ndekha chingwe cha magetsi. Nditawerenga anakwana 63, ndipo mtengo wa rimu ndi toner masiku ano mukuudziwa nonse.

Chomwe chinanditsitsa mtima n'chakuti sanakane mlandu. Anafotokoza kuti khomo la 9100 silifunsa, chilichonse cholowa pamenepo pulinta imayesa ndi ntchito yoti ipulinte. N'chifukwa chake Nmap ikamafufuza mtundu wa chipangizo imalumpha dala 9100 mpaka 9107, koma iye anaikakamiza kuti isalumphe. Titayatsanso anaifunsa kudzera pa SNMP, njira yofunsira chipangizo momwe chilili, port 161, ndipo inatchula yokha dzina lake, toner yotsala ndi masamba onse omwe yapulinta chiigulireni, osatulutsa pepala ngakhale limodzi. Bwenzi atayambira pamenepo!

Kenako anamangirira adiresiyo mu router kuti isamasinthenso, n'kuilemba pakapepala komwe anamata pambali pa pulinta. Anazimitsa router kawiri ine ndikuona, kawiri konse makompyuta anapulinta. Magetsi azimazima kangapo sabata ino, vuto lija silinabwerere.

Za mapepala anga anangoti pepani, sanachotseko ngakhale K1,000, ndipo zimenezi zikundiwawabe. Ntchito amaidziwa, ndidzamuitananso. Inu mukamuitana, yambani mwachotsa mapepala onse mu tray asanatsegule laputopu yake.