Mapedulo omanga phazi ndi nsapato zake: katundu ndi wabwino, wondigulitsayo ndiye anandigwetsa pa Njuli

Pa ndemanga yangayi ndikupereka nyenyezi zitatu. Ndikanalemba izi Loweruka lomwe ndinagwa pa Njuli lija, bwenzi ili imodzi, imodziyonso chifukwa choti ziro salola. Ndadikira miyezi inayi kuti chigongono chipole, mtima nawonso utsikeko.

Mtengo sindibwereza, aliyense amene analowapo m'shopu ya njinga yomwe ndinagulako akuudziwa. Nsapato zokha ndi ndalama yogulira fetereza wa munda wonse wa amayi kumudzi, mapedulo padera. Njinga yanga ndi ya kaunjika, ya matayala opyapyala aja, ndinaigula chaka chatha adokotala atandiopseza za BP. Ndinkapalasa bwinobwino ndi mapedulo wamba ndi nsapato zothamangira, mpaka tsiku lina kukuwaza mvula phazi linaterereka pa chitunda, pedulo n'kundisenda msongolo. Anzanga amene timapalasa nawo Loweruka m'mawa anati yakwana nthawi yomanga phazi.

Kwa amene simunawaonepo, kunsi kwa nsapato amamangako kanthu kotchedwa cleat. Ukaponda pedulo kamalowa n'kumveka kuti khwa, phazi ndi njinga n'kukhala chinthu chimodzi, ndipo potuluka umapotokola chidendene kunja. Dzina lake akuti clipless, kutanthauza chopanda chogwirira, dzina losokoneza poti chinthucho chimagwira phazi zolimba. Anatero pofuna kusiyanitsa ndi akale aja okhala ndi kadengu kachitsulo kolowetsamo zala ndi lamba womanga ndi dzanja.

Mwini shopu ija ndi munthu wa pakamwa. Ndinamuuza zinthu zitatu, ndipo ndikuzilemba pano kuti asadzati sanamve: ndine woyamba kumene, ndimapalasa msewu wa Zomba womwe suchedwa kukuimitsa chifukwa cha maminibasi, ndipo bondo langa lakumanzere limavuta kuyambira masiku a mpira. Mkuluyo anandiyankha ndi mbiri. Akuti kampani ya Look ya ku France, yomwe inkapanga zomangira mapazi za anthu otsetsereka pa chipale chofewa, ndiyo inatulutsa mapedulo amenewa mu 1984, ndipo Bernard Hinault anapambana nawo mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1985. Ndinakafufuza, sananame. Koma ine si Hinault. Ndine bambo wa kamimba kake amene amaima pa Namadzi kugula chimanga chootcha.

Chomwe sanandiuze n'choti mapedulo amenewa ali mitundu iwiri ikuluikulu. Pali SPD, yomwe Shimano inatulutsa mu 1990: cleat yake ndi kachitsulo kakang'ono ka masikuluu awiri, kamabisala m'kati mwa soli, moti nsapato umayenda nayo ngati nsapato. Palinso ya masikuluu atatu, monga SPD-SL, ya pulasitiki yotambalala, yotulukira kunja kwa soli, ndipo pedulo yake umalowera mbali imodzi yokha. Ndinaloza nsapato ya mabowo awiri pa shelefu. Iye anaseka. "Zimenezo n'zakuthengo, bwana. Njinga yanuyi ingachite manyazi." Ndinatuluka ndi mapedulo a Shimano 105 a masikuluu atatu, nsapato ya soli youma gwa, saizi 43, ndi ma cleat ofiira omwe ndinalipira padera poti akuti ndiwo a akatswiri. Nditadandaula kuti nsapato ikuthina kuzala, anati itamuka. Anamanga yekha zonse, mphindi zisanu sizinakwane, osandikweza ndi panjinga pomwe.

Lachisanu madzulo ndinayeserera nditatsamira khoma la nyumba. Kulowa kunali kovuta, kutuluka ndiye kunkafuna mwendo wonse mpaka m'chiuno. Ndinkangoti ndi mmene zimakhalira. Mayi akunyumba anandiyang'ana ali pakhonde, n'kufunsa kuti, "Ndiye mwagula msampha ndi ndalama zanu zomwe?"

M'mawa mwake tinanyamuka ku Limbe tili asanu. Ndisaname, mpaka pa Mapanga ndinkasangalala ngati mwana wa nsapato za Khirisimasi. Tikufika pa Njuli anzanga anali atandisiya pang'ono. Minibasi yomwe inali patsogolo panga inaona munthu akubayitsa, n'kuima nthawi yomweyo, theka m'msewu theka m'mbali, monga mwa chizolowezi chawo. Ndinagwira mabuleki, njinga inaima bwinobwino, sindinagunde kanthu. Apo ndi pomwe ndinakumbukira kuti mapazi si anga.

Mutu unaiwala zopotokola zija. Ndinakoka phazi m'mwamba ngati mmene munthu aliyense angachitire, pedulo n'kukana. Ndinakokanso. Nditakumbukira chidendene, lakumanzere linatuluka ndithu, koma thupi linali litapendekera kale kumanja, komwe phazi linali chimangidwire, komwenso kuli magalimoto. Kugwa kwake si kwa ngozi kuja ayi. Umagwa pang'onopang'ono ngati nthochi yodulidwa ndi chikwanje, ukuona aliyense, aliyensenso akukuona. Ndinaona kondakitala atagwira chitseko pakamwa pali yasa. Ndinaona amayi a tomato akuika manja kumutu. Kenako phulu, chigongono pa tala, njinga pamwamba panga, phazi lakumanja lili m'mwamba lidakali m'pedulo.

Kumbuyo kwanga kunali lole ya miyala. Dalaivala wake, Mulungu amudalitse kulikonse ali, anali akubwera pang'onopang'ono ndipo anaima. Tayala lake ndinaliona pafupi moti ndikanatha kuwerenga zolembapo. Mbali imeneyi sindiiseka mpaka lero.

Zinazo n'zoseketsa, ndikuvomera. Anthu anathamangira, wina akuti wakomoka, wina akuti muthireni madzi. Mnyamata wa kabaza anagwira mwendo wanga n'kumakoka, mnzake akukoka njinga, ine ndikukuwa kuti musakoke, potokolani. Amayi ena anati njinga yamukakamira ameneyu, si zabwinobwino izi. Mapeto ake ndinamasula nsapato n'kusolola phazi, ndikuimirira pakati pa msewu ndi sokosi, nsapato ili lende pa pedulo. Ana asukulu anaombera m'manja.

Amene anandithandiza zenizeni ndi madala ena okonza njinga pansi pa mtengo cha pomwepo. Mapedulo oterewa anali asanawaonepo chibadwire. Anatembenuza njinga, kuyang'anitsitsa, kukanda fumbi ndi chikhadabo, kenako anati, "Achimwene, kasikuluu aka kolemba kuphatikiza ndi kuchotsera n'kachiyani?" Ine amene ndinalipira ndalama zonse zija sindinkadziwa. Ndi kolimbitsira sipuling'i yomwe imagwira cleat, ndipo mapedulo onse awiri anali okhwimitsidwa kufika kumapeto. Allen key ya 2.5 mm inali m'kachikwama kanga ka pansi pa chishalo chigulireni. Madalawo anabweza kasikuluuko kumbali yochotsera, n'kuyesa ndi dzanja nsapato yolendewera ija, inatuluka ngati kutsegula botolo. Anawongolanso kachitsulo kogwira chosinthira magiya, komwe kanapindika poti ndinagwera mbali ya tcheni. Nditafunsa mtengo anati, "Mungoona nokha." Ndinawapatsa yoposa yomwe akanatchula, ndipo sindikudandaula.

Ndinabwerera ku Limbe ndekha, bondo likubaya njira yonse. Usiku umenewo ndi pomwe ndinawerenga za mitundu ya ma cleat. Achikasu amalola phazi kusewera madigiri 6, abuluu madigiri 2, ofiira salola ngakhale pang'ono. Munthu wa bondo lovuta, woyamba kumene, kumupatsa ofiira, omangidwanso mokhota! Ndinapezanso kuti achikasuwo amabwera m'bokosi limodzi ndi mapedulo. M'bokosi langa munalibe.

Lolemba ndinapita ndi bandeji yanga. Mkulu uja sanadzuke ndi pampando pomwe. "Aliyense amagwa, bwana, umenewo ndi ubatizo." Za nsapato anati sangalandire poti yakalika, ngati kuti ndinaikala ndi dala. Za ma cleat achikasu anati mwina anasochera. Ndinali nditayamba kukweza mawu pomwe mnyamata amene amakonza njinga kuseri anatuluka, akupukuta manja, n'kunena pamaso pa abwana ake kuti, "Achikasu a bambowa ali mu drowa umu." M'shopu munangoti zii.

Nyenyezi ziwiri zowonjezerazo n'za mnyamata ameneyo. Anandikhazika pa tebulo miyendo ili lende kuti aone mmene mapazi anga amalozera akakhala paokha, n'kupeza kuti lakumanzere limayang'ana kunja pang'ono. Anapapasa fupa la patsinde pa chala chachikulu, kuika chizindikiro pa nsapato ndi tepi, n'kumanga cleat moti chitsulo chapakati cha pedulo chikhale cha kumbuyo pang'ono kwa fupalo. Anandikweza panjinga, kunditsitsa, kusuntha pang'ono, kundikwezanso. Anandiuza kuti ndizitulutsa lakumanzere nthawi zonse, ndisanafike poima, poti kuno timayenda kumanzere ndipo thupi lizipendekera kutali ndi magalimoto. Anandichititsa zimenezi kuseri kwa shopu mpaka mwendo unayamba kuchita wokha. Pafupifupi ola lathunthu, osalipiritsa. Mwini wakeyo nthawi yonseyi anali pa foni.

Tsopano za katunduyo, poti chilungamo n'chofunika. Mapedulo alibe mlandu. Chiikireni ma cleat achikasu, bondo linasiya kubaya. Phazi siliterereka ngakhale kugwe mvula, ndipo poimirira pa chitunda umaponda ndi mtima wonse osaopa msongolo. Soli youma ija yomwe ndinkaida inathetsa kuwawa kwa pansi pa phazi komwe ndinkakumva ndi nsapato zofewa ndikapalasa maola awiri. Zoti uyamba kuuluka poti ukukokanso m'mwamba, zomwe mkulu uja analonjeza, ine sindinazione. Anyamata onyamula matumba a makala ovala ma silipasi amandipitirirabe akafuna. Chomwe chinasintha n'choti phazi limakhala malo amodzi ndipo ndimafika ku Zomba miyendo isanabalalike. Ndinagwanso kamodzi, pageti pa nyumba yanga, ndikupereka moni kwa aneba. Kumeneko sindinamizira munthu.

Koma kuyenda nazo pansi ndi chilango. Umayenda ngati bakha, zala m'mwamba, kwakwakwa, ndipo pa matailosi a pa filing'i sitesheni ndinatsala pang'ono kukhala pansi. Kwathu kuno ukaima umaponda miyala, dothi, matope, si kapeti, ndiye timapulasitiki tachikasu ta m'makona tatha kale m'miyezi inayi yokha. Dothi likalowa, cleat imakana kulowa mpaka uitokose ndi kamtengo. Nsapato nayo sinatamuke ndipo sidzatamuka. Kukatentha mapazi amatupa, zala zimachita dzanzi ndisanafike pa Thondwe. Ndinachotsamo kansalu kochindikala ka m'kati n'kuyamba kuvala masokosi opyapyala, zachepako, koma 44 ndiyo inali yanga. Mukamagula pitani masana mapazi atatupa kale, muvale masokosi omwe muzipalasira, ndipo zala zizitha kugwedezeka.

Mnzanga wina m'gulu lathu ali ndi Shimano M520, za masikuluu awiri zomwe akuti n'zakuthengo zija, pa njinga ya msewu yokwera mtengo kuposa yanga. Amalowera mbali iliyonse osayang'ana pansi, cleat yake yachitsulo sikutha, ndipo tikaima amalowa m'golosale ngati munthu pomwe ine ndikutsalira panja kugwira khoma. Njinga yake sinachitepo manyazi. Ndikanati ndiyambirenso ndikanagula zimenezo, ndi ma cleat a SH56 omwe amatuluka ngakhale utapotokola mokokera m'mwamba, sipuling'i n'kuiyambira kofewa. Za masikuluu atatu zikanabwera pambuyo, mwendo utaphunzira.

Chenjeraninso pogula ma cleat osinthira. A Look Keo amafanana ndi a SPD-SL ukawaona, mabowo atatu omwewo pa nsapato, koma salowa m'pedulo ya mnzake. Nditapita kukafunsa achikasu ena sabata yatha, mkulu uja anayamba kunditulutsira a Keo, mnyamata uja n'kumulanda m'manja mwaulemu. Ngati mupita m'shopu imeneyo, dutsani pa kauntala osaima, mufunse wa kuseriyo.

Ofiira aja ali m'kabati mwanga, anayenda ulendo umodzi wokha, lakumanja lili ndi zokala za tala wa pa Njuli. Katswiri amene akuwafuna adzatenge ulere.