Chinjoka chofiira kapena chagolide: tiike chiti patebulo?

Amene mumayendetsa masewera a Dungeons & Dragons (masewera a patebulo amene woyendetsa amasimba nkhani, osewera n'kumakhala anthu a m'nkhaniyo), tsiku lina mudzafika pamphambano iyi: nkhani yakula, osewera akhwima, ndipo nthawi yotulutsa chinjoka yakwana. Buku la zilombo likupatsani mabanja awiri. Kuli zinjoka zotchulidwa ndi mtundu wa mamba ake: choyera, chakuda, chobiriwira, chabuluu ndi chofiira. Kulinso zotchulidwa ndi zitsulo: brasi, kopa, bronzi, siliva ndi golide. Zoyambazo n'zankhanza, zachiwirizo n'zamtima wabwino. Ambiri amaima pomwepo n'kutenga chofiira. Ine ndikuona kuti akusiya zokoma zambiri m'mbale.

Kugawa kumeneku sikunachokere ku nthano zamakedzana. Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerawa mu 1974, pansi pa kampani ya TSR ku Lake Geneva, m'chigawo cha Wisconsin, munali zinjoka 6 zokha: zamitundu zisanu zija ndi chagolide chimodzi, chomwe chokha chinali kumbali ya chilungamo. Mu 1975 kabuku kowonjezera ka Greyhawk kanabweretsa brasi, kopa, bronzi ndi siliva, pamodzi ndi mfumu ya platinamu ndi mfumukazi ya mitu isanu. Mayina awo, Bahamut ndi Tiamat, anakhazikika m'buku la zilombo la Monster Manual la 1977. Tiamat anabwerekedwa ku nthano za ku Babulo, Bahamut ku nkhani zakale za Aluya, kumene anali chinsomba chachikulu, osati chinjoka ayi.

Nanga n'chifukwa chiyani anasankha mitundu ndi zitsulo? Masewerawa alibe kanema. Zonse zimatuluka m'kamwa mwa woyendetsa, ndipo osewera amaona ndi makutu. Mawu amodzi oti "chakuda" amasenza katundu yense: chimakhala m'madambo onunkha, chimalavula asidi. Choyera chili kumadzi oundana, mpweya wake ndi chisanu choumitsa thupi. Chobiriwira n'cha m'nkhalango ndi utsi wa poizoni, chabuluu n'cha m'chipululu ndi mphezi, chofiira n'cha m'mapiri ndi moto. Zitsulo nazo zili ndi nzeru yake. Wosewera aliyense amadziwa kale kuti ndalama ya golide m'thumba lake imaposa ya siliva, ya siliva imaposa ya kopa, ndipo platinamu ili pamwamba pa zonse. Safunanso kuuzidwa kuti chinjoka chachikulu ndi chiti. M'malamulo a 2014 masitepe awiriwa amafanana ndendende: chinjoka chokhwima choyera ndi cha brasi zonse zili pa mlingo woopsa wa 13, chakuda ndi kopa 14, chobiriwira ndi bronzi 15, chabuluu ndi siliva 16, chofiira ndi golide 17.

Ndiye pa mphamvu palibe kusiyana. Kusiyana kuli pa zimene chinjokacho chimachita ndi madzulo anu.

Chinjoka cha mtundu chimakupatsani nkhondo yosafuna kufotokoza. Tangoonani zimene zimachitika patebulo mukangonena kuti, "Pamtengo wothyoka mwapeza chimamba chobiriwira, chachikulu ngati chishango." Kuseka kumatha. Wina amayamba kufufuza papepala lake ngati mankhwala oletsa poizoni adakalipo, wina akufunsa kuti mphepo ikuwombera kuti, wamatsenga akufufuta matsenga amene anakonzera mawa n'kulemba ena. Chinjoka sichinaoneke n'komwe, koma masewera ayamba kale. Apa m'pamene mtundu umagwira ntchito yake yeniyeni: umalipira wosewera amene amatchera khutu. Ndipo mantha awowo si opanda pake. Chobiriwira chaching'ono, ngati Venomfang wa m'nkhani yoseweredwa ya Lost Mine of Phandelver ya 2014, chikapuma kamodzi mumaponya madayisi 12 a mbali 6, ndipo mapointi a moyo amene wosewera amataya amakhala pafupifupi 42. Gulu la ongoyamba kumene likhoza kugona pansi lonse nthawi imodzi.

Mwa zisanuzi, choyera n'chosavuta kuyendetsa. Nzeru n'zochepa, njala ndiye yambiri. Chimasaka, chimasunga chakukhosi, basi. Kwa woyendetsa watsopano n'chokwanira. Chofiira n'chodzikuza ndi chaumbombo, ndipo aliyense amachiyembekezera, kotero sichidabwitsa. Chimene ine ndimachikonda ndi chobiriwira, chifukwa chida chake chachikulu ndi lilime. Chimanyengerera, chimalonjeza, chimadanitsa anthu. Mukhoza kuchiyendetsa kwa miyezi osewera asanasolole lupanga, ndipo tsiku lomenyana likafika amakhala akudana nacho zenizeni.

Vuto la banja limeneli n'loti nkhani yake imathera kumodzi. Chinjoka chafa, chuma chagawidwa, kwatsala kupinda mapepala.

Zinjoka zazitsulo n'zovuta, koma zimabweza zambiri. Choyamba, chilichonse chili ndi mipweya iwiri, wina wakupha, wina wongogonjetsa. Brasi ili ndi moto ndi utsi wogonetsa tulo. Kopa ili ndi asidi ndi utsi wochedwetsa miyendo. Bronzi ili ndi mphezi ndi mphamvu yokankhira anthu kutali, siliva chisanu ndi utsi woumitsa ziwalo, golide moto ndi utsi wofooketsa. Mpweya wachiwiriwo ndi mphatso kwa woyendetsa: mukhoza kugonjetsa gulu lonse popanda maliro, n'kuyamba kukambirana osewera atadziwa malo awo. Chachiwiri, zikakula zimatha kusandulika munthu. Gogo amene anawapatsa madzi panjira paja, kapena mkulu wa padoko amene akhala akumubera msonkho, akhoza kukhala siliva kapena bronzi. Chofiira sichingakupatseni zimenezo.

Komanso ubwino wa mtima sutanthauza kuti n'zosavuta kukhala nazo. Chinjoka cha brasi chimakonda macheza mopitirira muyeso, moti mukafuna kuthawa chimakugonetsani, ndipo mumadzuka mutakwiriridwa mumchenga mpaka m'khosi, icho chikupitiriza nkhani pamene chinalekezera. Cha kopa n'chanthabwala ndipo chimapsa mtima mukapanda kuseka. Chagolide chimayang'ana zaka mazana kutsogolo, kotero mudzi umodzi umene osewera akuulirira ukhoza kukhala kanthu kakang'ono m'maso mwake. Mkangano ndi chinjoka chotere umawawa kuposa nkhondo, chifukwa palibe amene angachitchule kuti mdani.

Msampha wake ulipo, ndipo ndi waukulu. Bwenzi lamphamvu chonchi limalanda osewera ulemerero. Akangodziwa kuti kuli siliva amene amawakonda, vuto lililonse adzati, "Tiyeni tikamuitane." Muyenera kukonzeratu chifukwa chomveka chimene chinjokacho sichingabwerere, lumbiro kapena mazira oti chifungatire, apo ayi masewera asanduka oonerera.

Palinso banja lachitatu, la miyala yamtengo wapatali: amethyst, crystal, emerald, sapphire ndi topaz. Linayamba kuoneka m'magazini ya Dragon mu 1980, ndipo linabwereranso mu Fizban's Treasury of Dragons mu 2021. Izi zili pakatikati, sizili ndi abwino kapena oipa, ndipo mphamvu zake n'za m'maganizo. N'zokongola, koma osewera ambiri sadziwa kuti topaz ndi wotani, ndiye phindu lija lozindikira msanga limatayika.

Mkangano weniweni ndi wakuti kodi khungu liyenera kuulula mtima. Dziko lopeka la masewerawa la Eberron, lomwe Keith Baker analikonza n'kutuluka mu 2004, linakana: kumeneko chagolide chikhoza kukhala chankhanza, chofiira n'kukhala cholungama. Kampani ya Paizo inapita patali. Pambuyo pa mkangano wa laisensi ndi Wizards of the Coast, eni ake a Dungeons & Dragons, mu Januwale 2023, inakonzanso masewera ake ofanana nawo otchedwa Pathfinder, ndipo mu Monster Core ya 2024 zinjoka zinagawidwa potengera magwero anayi a matsenga, mayina n'kukhala ofotokoza khalidwe, monga conspirator, chokonza ziwembu, ndi omen, cholosera zam'tsogolo. Njira imeneyi imamasula nkhani, koma imafuna kuti aliyense aphunzirenso kuyambira pachiyambi, ndipo chimamba chopezeka pamtengo sichinenanso kanthu kwa munthu amene sanawerenge buku.

Patebulo langa ndimatenga theka uku, theka uku. Mtundu umanena zoona nthawi zonse pa mpweya ndi pa malo okhala. Pamenepo sindinamiza wosewera, chifukwa amene wakonzekera chisanu sayenera kupsa ndi moto popanda chenjezo. Pa mtima ndiye ndimalola kusintha, koma kamodzikamodzi, ndipo ndimasiya zizindikiro panjira: alimi amene akuyamikira chabuluu chifukwa chinathamangitsa achifwamba, kapena asodzi amene akudandaula kuti bronzi ikuwalanda mabwato m'dzina la chilungamo.

Ngati gulu lanu ndi latsopano ndipo mukumana madzulo amodzi okha, tengani choyera chaching'ono. Ngati mudzasewera kwa miyezi, ikani chobiriwira ndi chasiliva m'chigwa chimodzi, chilichonse chikhale ndi chofuna kwa osewera, ndipo chasilivacho chiyambe kuoneka chitavala thupi la munthu.