Zaka zisanu ndikuwerenga masiku ku Nottingham

Chifikireni kwathu ku Dedza mbiri yoti ndapatsidwa chilolezo chokhazikika kuno ku Britain, foni yanga sikhala chete, ndipo funso la abale ndi anansi ndi limodzi lomweli: "Poti tsopano mwakhazikika, muyamba kutenga ndani?" Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi mmene zinayendera, chifukwa yankho langa la pafoni limamveka ngati kumana, pamene vuto lenileni ndi lakuti mawu oti banja amatanthauza zina m'malamulo a kuno, zosiyana ndi zimene ife tinakula tikudziwa.

Ndine namwino, ndipo ndinafika kuno mu Okutobala 2019 pa viza ya ntchito imene nthawi imeneyo inkatchedwa Tier 2. Panjira imeneyi palibe amene amapatsidwa chilolezo chokhazikika akadali kumudzi. Munthu amayamba ndi chilolezo cha zaka zowerengeka, chomangiriridwa kwa omulemba ntchito, ndipo asanachipeze ayenera kuyamba wakhutiritsa bungwe loona za anamwino la kuno, la Nursing and Midwifery Council. Mayeso a Chingerezi a IELTS ndinalemba katatu, ine amene ndinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Ankafuna 7 pa kulankhula, kumva ndi kuwerenga, komanso 6.5 pa kulemba, ndipo kulembako n'kumene kunkandigwetsa. Kenaka kunabwera mayeso a pakompyuta, chikalata cha kupolisi chotsimikiza kuti sindinapalamulepo mlandu, kuunikidwa chifuwa chachikulu, ndi ulendo wa ku Lilongwe wokadinda zala. Mayeso omaliza, oonetsa ntchito ndi manja, ndinakachitira ku Northampton nditafika kale, ndikusamba m'manja pamaso pa woyesa ngati mwana wa chaka choyamba.

Apa ndichenjezepo pang'ono za madobadoba a maviza. Chikalata chimene olemba ntchito amapereka, chotchedwa Certificate of Sponsorship, sichigulitsidwa, ndipo ine sindinalipirepo ngakhale tambala. Malawi ali pa mndandanda wa bungwe la World Health Organization wa mayiko osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala, choncho zipatala za kuno siziloledwa kupita kwathu kukakopa anamwino, koma munthu payekha ali ndi ufulu wofunsira ntchito mwachindunji. Amene akukuuzani kuti mugulitse munda kapena galimoto kuti akusungireni malo akufuna kukudyerani masuku pamutu.

Mavuto enieni anayamba pamene ndinafuna kuitanitsa banja. Ine ndi bambo a kunyumba tinamanga banja mwa chinkhoswe, ankhoswe a mbali zonse analandirana nkhuku, mudzi wonse unavina, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri palibe amene anatifunsapo pepala. Koma wogwira ntchito muofesi ya zolowa ndi kutuluka sangaitane ankhoswe kuti adzachitire umboni. Panafunika mtchatho, panafunika zikalata za kubadwa za ana, ndipo maina anayenera kufanana chilembo ndi chilembo pa pepala lililonse. Dzina la mwana wathu wachiwiri linalembedwa ndi "l" pa chikalata china ndi "r" pa china, zimene kwathu palibe amene angazione ngati nkhani, koma kukonza chilembo chimodzi chimenecho kunatidyera miyezi. Mliri wa Covid-19 unabwera pamwamba pake, maulendo anatsekedwa, ndipo bambo ndi ana awiriwo anadzafika mu Malichi 2022.

Amene sanafike ndi mwana wa malemu achemwali anga, yemwe ndinamutenga ali ndi zaka zinayi mayi ake atatisiya. Kwathu mwana ameneyo ndi wanga, amanditchula kuti amayi, ndipo sindinaganizepo zopita kukhothi kukatenga pepala loti ndikulera mwana wa mbale wanga wa bere limodzi, chifukwa kutero kukanamveka ngati chipongwe kwa malemuwo. Pa fomu panalibe malo ake. Lamulo limazindikira mwamuna kapena mkazi wako ndi ana ako osafika zaka 18, ndipo pa mwana amene sunabereke limafuna umboni wolembedwa umene ife tinalibe. Tili mkati mofunsa uku ndi uku, mtsikanayo anakwanitsa zaka 18 mu 2021, ndipo khomo linatsekeka. Tsiku lonyamuka anzake iye ndi amene ananyamula zikwama pabwalo la ndege la Kamuzu, kenaka n'kubwerera yekha pa minibasi kupita kwa agogo ake. Amene muli ndi ana olera, kapena mwana amene bambo ake ali moyo koma munasiyana, yambani nkhani ya mapepala lero, chifukwa kholo limodzi likafuna kutenga mwana limafunsidwa umboni woti udindo wonse wa mwanayo uli m'manja mwake.

Zaka zisanu zodikirazo munthu amakhala ngati wayenda pa ulusi. Lamulo limati usakhale kunja kwa Britain masiku oposa 180 m'miyezi khumi ndi iwiri iliyonse, ndipo pofunsira chilolezo chokhazikika umayenera kufotokoza maulendo ako. Ndinali ndi kabuku kofiira m'thumba la yunifomu momwe ndinkalemba tsiku lonyamuka ndi lobwerera, ngakhale masiku a tchuthi a namwino sangafike n'komwe pa 180. Chimene chimamanga kwambiri ndi ntchito yeniyeniyo. Ukasiya kapena kuchotsedwa, nthawi zambiri umapatsidwa masiku 60 okha kuti upeze ena okuimira kapena uchoke m'dzikomo, choncho pali zinthu zimene munthu umameza ku wodi poganizira ana. Pa khadi langa panalembedwanso kuti sindiloledwa kulandira thandizo la boma, pamene msonkho ankadula mwezi ndi mwezi ngati wina aliyense. Poyamba tinkalipiranso mapaundi 400 pachaka kuti tizithandizidwa m'zipatala zomwe timagwiramo ntchito, mpaka mu 2020 pamene boma linachotsa ndalama imeneyi kwa ogwira ntchito zaumoyo ndi kukhazikitsa viza ya Health and Care Worker.

Chaka chachisanu chili pafupi kutha ndinalemba mayeso a mbiri ndi chikhalidwe cha Britain otchedwa Life in the UK, a mafunso 24 m'mphindi 45, ndipo kuti ukhoze uyenera kulondola 18. Ndinkaloweza maina a mafumu ndi chaka cha chikalata chakale cha maufulu chotchedwa Magna Carta, 1215, m'basi pochokera ku ntchito ya usiku, maso ali psuu, ndipo ndinkaseka ndekha pokumbukira kuti azungu ena amene ndimagwira nawo ntchito analephera mafunso amene ndinawayesa nawo pa nthawi ya tiyi. Fomu imaloledwa kutumizidwa kutatsala masiku 28 kuti zaka zisanu zikwane, ndipo mu 2024 mtengo wake unali mapaundi 2,885 pa munthu mmodzi, wamkulu kaya mwana. Yankho linabwera pa imelo, mizere yochepa chabe yonena kuti ndapatsidwa Indefinite Leave to Remain, chilolezo chokhazikika chija. Ndinawerenga nditaima m'chipinda chosinthira zovala, n'kubwezera foni m'thumba, chifukwa wodwala wa pa bedi lachinayi ankaitana.

Tsopano ndibwerere ku funso lija. Chilolezo chimenechi ndi changa ndekha. Bambo a kunyumba akuwerenga zaka zawozawo kuyambira tsiku limene anafika, ndipo ana akudikira bambo awo. Mchimwene kapena mlongo wathanzi, mphwake wa munthu amene wakula kale kapena msuweni alibe njira yolowera kudzera mwa ine. Amayi anga angabwere kudzacheza kwa miyezi yosaposa isanu ndi umodzi, koma kuti adzakhale, lamulo limafuna umboni woti sangathe kudzisamalira pa zinthu za tsiku ndi tsiku, komanso kuti chisamaliro chotere sichingapezeke ku Malawi ngakhale ine nditamatumiza ndalama. Kunena kwina, ndalama zomwe ndimatumiza mwezi uliwonse n'zomwe zingasanduke umboni woti amayi safunika kubwera. Wokhazikika amene akufuna kuitanitsa mwamuna kapena mkazi wake pa viza ya banja ayenera kusonyeza kuti amalandira mapaundi 29,000 pachaka kuyambira mu Epulo 2024, pamene kale anali 18,600.

Malamulo amasinthanso munthu ali pakati pa ulendo. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, obwera kumene kudzasamalira okalamba analetsedwa kubweretsa mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 njira yolemba anthu a ntchito imeneyi kuchokera kunja inatsekedwa. Mu Meyi 2025 boma linalengeza maganizo ofuna kukweza zaka zodikira chilolezo chokhazikika kuchoka pa zisanu kufika pa khumi, ndipo usiku umenewo bambo a kunyumba anakhala patebulo mpaka pakati pa usiku akuwerengetsa zaka pa envulopu ya bilu ya magetsi. Kabuku kofiira kaja ndinawapatsa iwo, ndipo masamba a kumapeto ndimalembamo fizi ya mtsikana wathu uja, amene akuphunzira unamwino ku Malawi komweko ndipo wandiuza kale kuti ndimusungire mabuku anga a IELTS.