Miyezi 9 ndi lenzi ya 85mm: mawu ena ndikuwabweza

Nditangogula lenzi ya 85mm f/1.8 ndinalemba mothamanga kuti sindidzaichotsanso pa kamera. Chimene chinandizunguza mutu nthawi imeneyo chinali kumbuyo kwa chithunzi: munthu ali ngwee, khoma ndi mitengo zitasungunuka kuti mbuu. Padutsa miyezi 9 tsopano, ndajambula nayo nkhope zambiri komanso zovala za osoka angapo. Lenziyo ikadali pa kamera, koma chifukwa chake chinasintha.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wosoka madiresi. Ndinawatumizira zithunzi ndili ndi matama, iwo n'kukulitsa chimodzi pafoni ndi zala ziwiri, kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Achimwene, mwanayu mwamujambula bwino, koma ine ndimagulitsa diresi." Ankanena zoona. Diso la mtsikanayo linali lakuthwa moti nsidze ukanatha kuziwerenga, pamene mabatani ndi msoko wa paphewa, zimene mayiwo anachezera nazo usiku, zinali chimbuuzi chokhachokha. Vuto silinali la lenzi, linali langa. Pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu ngati filimu ya 35mm), ukaima mamita 2 kuchokera pa munthu n'kutsegula f/1.8 (nambala ya f ikachepa, bowo la lenzi limakula), malo ooneka bwino amangokhala masentimita pafupifupi 6. Ukasendera kufika mita imodzi ndi theka, safika n'komwe masentimita 4. Munthu akangopotoloza mutu pang'ono, diso limodzi lapita. Lero zovala ndimajambula pa f/5.6, pamene pa mamita 2 malowo amafika masentimita pafupifupi 18, ndipo nkhope yokha ndimakonda f/2.8.

Ndiye ndikuisungiranji? Mtunda. Anthu amati 85mm imakongoletsa nkhope, koma kunena zoona si galasi limene limachita zimenezo, ndi pamene waima. Ndi lenzi ya 35mm, kuti nkhope idzaze chithunzi umafika pafupi kwambiri, mphuno n'kukula, makutu n'kuthawira kumbuyo. Ya 85mm imakukankhira kutali, ndipo zonse zimabwerera m'malo mwake. Palinso china chimene sindinachiyembekezere. Munthu wosazolowera kamera akaona chigalasi pamphuno pake amauma khosi, kumwetulira kwake n'kukhala kwa pachiphaso. Ukamupatsa mpata wa mamita awiri, mapewa amatsika okha, mumacheza ngati anthu. Zithunzi zanga zabwino za miyezi imeneyi zambiri zinabwera munthu akuyankha funso, osati nditamuuza kuti aseke.

Mtunda womwewo umasanduka mdani m'chipinda chaching'ono. Kuti munthu wamtali alowe yense, kuyambira tsitsi mpaka nsapato, pamafunika mamita pafupifupi 5, ngakhale utaimika kamera chotalika. Tsiku lina ndinajambula nditatsamira chitseko, chigongono chili kunja, nsapato n'kudukabe. Pamenepo ndimavula, n'kuika 50mm. (Ndikamadandaula za kuchepa kwa malo ndimakumbukira Irving Penn, wojambula zithunzi wa ku America, amene mu 1948 ankadzipangira dala kona yopapatiza n'kumaimikamo anthu otchuka. Ena kupanikizika amachita kukufuna.)

Tina ndi tina: lenziyi ikatsegulidwa kwambiri, m'mphepete mwa ndolo kapena mkanda wonyezimira padzuwa mumatuluka kamzere kofiirira, khalidwe la malenzi ambiri otseguka chonchi, ndipo pa f/4 kamazimiririka. Panja masana, f/1.8 ndi flash sizimvana, poti makamera ambiri amalola flash mpaka shutter (nthawi imene kuwala kumalowa) ya 1/200 kapena 1/250 ya sekondi basi, ndiye kuwala kumachuluka, pokhapokha uike fyuluta ya ND yochepetsa kuwala kapena ugwiritse high-speed sync, yolola flash pa shutter yothamanga kuposa pamenepo. Ine ndinangosankha mthunzi ndi chinsalu choyera chobwezera kuwala pansi pa chibwano. Shutter sinditsitsa kupitirira 1/200 ndikagwira pamanja, chifukwa munthu wamoyo sakhala duu.

Thupi la lenziyi lapirira. Utoto wayamba kusupuka pamene chala chimagwira, kafumbi kalowa mkati koma pazithunzi sikaoneka. Ndi yopepuka, tsiku lonse dzanja silidandaula, n'chifukwa chake ya f/1.4, yolemera komanso yokwera mtengo, ndasiya kuisirira. Ndingaigulirenji, pamene 1.8 yomweyi sindifikako?

Mayi aja anabweranso mwezi watha ndi madiresi 6. Atakulitsa chithunzi choyamba anapita molunjika pa msoko wa paphewa, n'kuona kuti ulusi umodzi unasomphoka. Diresilo analitenga kukalikonza, tinalijambulanso mawa lake.